Ndinadula Nsalu Onse Akuona

Abale ndi alongo, mtendere ukhale nanu. Musayambe kuomba m'manja, chifukwa zimene ndabwera nazo si zoombera m'manja. Akulu a mpingo andipempha kuti ndilankhule ndi inu amene mumasonkhana muno Loweruka lililonse. Ena ntchito inakutherani, ena mowa wakugwirani pakhosi, ena mukali pantchito koma mukumva kuti pansi payamba kuterera. Ine zitatu zonsezi ndinapitamo, motsatizana.

Ndine Velonika Sakala. Ambiri muno mu Kabwata mumandidziwa kuti amake Dalitso, telala wa pamsika. Makolo anga anachokera ku Katete, koma ine ndinakulira ku Lilayi, kumene atate ankagwira ukalipentala. Kusoka ndinaphunzira kwa amayi a mpingo ndili mtsikana, ndipo sindinama, dzanja langa linali lachangu. Nditakwatiwa ndinapeza ntchito pa fakitale ina yosoka mayunifomu ku Emmasdale. Ndi zaka zija dziko linali litangolowa m'chipani chimodzi, zinthu zitayamba kusowa m'mashopu.

M'chipinda chathu munali, kupatula ine, azimayi khumi ndi anayi, ndi mwamuna mmodzi wachikulire, ba Tembo, amene ankadula nsalu. Shati imodzi inkadutsa m'manja ambiri. Ba Tembo adule, wina asoke kola, wina manja, wina alumikize, wina aike mabatani, wotsiriza asite. M'mawa uliwonse makina asanalire tinkaima mozungulira tebulo lodulira, n'kukambirana ntchito ya tsikulo. Zikamveka kuti m'tauni mwabwera sopo kapena mafuta ophikira, tinkatuma awiri kukaima pamzere, otsalafe n'kugawana ntchito yawo. Akabwera tinkagawana zimene apeza. Palibe anazilemba papepala zimenezi, koma ndi zimene zinkayendetsa chipinda chija.

Supavaiza wathu atapuma pantchito, aliyense ankadziwa kuti mpando ndi wa bana Chanda, ndiye kuti amake Chanda, mayi wa Chibemba wa ku Luapula amene anayamba ntchito fakitale ikutsegulidwa. Koma manijala, a Nyirenda, anasankha ine, chifukwa ndinali wachangu komanso ndinkadziwa kuwayankha m'Chingerezi. Bana Chanda anabwera kudzandigwira chanza. Anati, "Mwawina, amake Dalitso. Tizasebenza pamodzi." Ine mumtima ndinati mayiyu akundinyengerera kuti andigwetse.

Mantha ndi amene anandilamulira, ngakhale nthawi imeneyo ndinkawatcha mwambo. Sabata yoyamba ndinathetsa zoima patebulo m'mawa, ndinati n'kutaya nthawi. Ulusi, singano ndi masizasi ndinazitsekera m'kabati, kiyi n'kumangirira pa chitenje changa. Munthu singano ikathyoka ankayenera kukweza dzanja ngati mwana wa sukulu. Zopita pamzere ndinaletsa. Tsiku lina sopo anabwera m'tauni atasowa miyezi, azimayi akundiyang'ana ndi maso opempha, ine n'kuti aliyense wotuluka pageti asabwererenso. Koma ineyo sopo ndinali naye kunyumba, ankandipatsa a Nyirenda kuseri. A Nyirenda akayamikira ntchito, ndinkati "ndayesetsa, bwana." Pakalakwika, ndinali ndi dzina la munthu lokonzeratu pakamwa.

Ba Tembo anandiuza tsiku lina, mwaulemu ndithu, kuti patani ya makabudula imene ndinabweretsa inali yothina pantchafu. Ndinawachotsa patebulo lodulira n'kuwaika kosita, bambo amene anadula nsalu ine ndisanabadwe. Kudula ndinatenga ndekha. Kenako bana Chanda anaimirira tsiku lina n'kunena pamaso pa onse kuti makola amene ndinadula sakukwana pakhosi. Anali kunena zoona. Koma ine ndinazimitsa makina onse, chipinda chinati zii, ndipo ndinalankhula mawu amene mpaka lero amandiwotcha.

"Mvelani nonse. Muno munabwela kusoka, osati kukamba. Oganiza muno ndine neka. Amene afuna kuganiza akaganizile ku nyumba kwake."

Bana Chanda ndinawatsitsa kukaika mabatani. Kuyambira tsiku limenelo m'chipinda munali bata, ndipo ine ndinkanyadira. Ndinkati ndawaongola.

Tsopano kunabwera oda yaikulu, mashati mazana atatu a ana a sukulu amene ankakaguba pa chikondwerero cha ufulu. Nsalu yake inali yobiriwira, yamizere kumaso, koma kumbuyo kwake yotuwa. A Nyirenda anandiitana mu ofesi n'kundiuza kuti nsaluyo aivutikira miyezi itatu, ndipo ikaonongeka kulibe ina mu Lusaka monse.

Kwa inu osasoka, ndifotokoze pang'ono. Shati kutsogolo ili ndi mbali ziwiri, yakumanja ndi yakumanzere. Podula mashati ambiri nthawi imodzi umayala nsalu mosanjikiza, ina kumaso kuyang'ana kumwamba, yotsatira kumaso kuyang'ana pansi, choncho mpaka mulu ukwane. Ukadula ndi patani imodzi, theka limatuluka lakumanja, theka lakumanzere. Mwana aliyense wophunzira utelala amadziwa zimenezi. Inenso ndinkazidziwa. Koma tsiku limenelo mutu unali pa mawu a a Nyirenda, ndipo ndinalamula kuti nsalu yonse iyalidwe kumaso kuli kumwamba, kuti ndizitha kuona ngati pali banga. Anayala ndi azimayi omwewo, ndi manja awo. Ndinajambula ndi choko, ndinayatsa mpeni wamagetsi, ndinadula. Mulu woyamba, wachiwiri, mpaka nsalu yonse inatha. Ndikukumbukira kuti ndikudula, bana Chanda anaimirira pamalo pawo. Ndinawayang'ana, ndipo anakhalanso pansi.

Masana wolumikiza anabwera patebulo langa atanyamula zidutswa ziwiri, n'kuziika patsogolo panga. Zonse zinali zakumanzere. Ndinathamangira pamulu, kufukula, kufukula. Zakumanzere zokhazokha. Ukatembenuza kuti ikhale yakumanja, kunja kumabwera kotuwa kuja.

Ndinakuwa mpaka mawu anasasa. "Munaona! Nonse munaona! Nanga osaniuza bwanji?"

Kenako mayi wina wamanyazi wosoka manja, amake Lavu, amene ndinali ndisanamumvepo akukweza mawu, anati, "Ba supavaiza, si ndimwe munakamba kuti tinabwela kusoka?"

Ine anandichotsa ntchito tsiku lomwelo. Oda inapita kwina, ndipo pasanathe miyezi iwiri chipinda chonse chinatsekedwa. Anthu khumi ndi asanu anapita kunyumba.

Mukuganiza kuti ndinagwada n'kulapa? Ayi. Ndinati andichitira chiwembu. Ndinati ndi nsanje, ndinati ndi ufiti, ndinafika ponena kuti Abemba agwirizana kugwetsa munthu wa kum'mawa, ngakhale ambiri m'chipinda muja anali akwathu. M'mawa ndinkavala bwino n'kuuza amuna anga kuti ndikukafuna ntchito, koma ndinkakathera kumalo omwera chibuku, kumene kunali anthu okonzeka kumva nkhani yanga ya chiwembu bola ndiwagulire. Chibuku chitaleka kugwira ndinatsikira ku kachasu. Makina anga amanja, amene amayi anandipatsa paukwati, ndinasinthanitsa ndi mowa. Amayi a mpingo anabwera kawiri kudzandichezera, ine n'kuwatsekera chitseko, ndipo kachitatu anabwera kudzatenga yunifomu ya amayi a mpingo imene ndinkavala. Amuna anga anatenga ana onse atatu kupita nawo kwa mlongo wawo ku Chelstone. Dalitso, mwana wanga woyamba, anatuluka m'nyumba atavala yunifomu yong'ambika pamkono. Mwana wa telala. Ndinali nditayesa kuisoka, koma ndi mowa uja ulusi sunkalowa pasingano.

Zinatenga pafupifupi zaka ziwiri ndili m'dzenje limenelo.

Tsiku lina mnzanga wa kumowa anandiuza kuti waona bana Chanda akugulitsa zitumbuwa ndi mazira ku Intercity, pasiteshoni yaikulu ya mabasi. Ndinamwa kuti ndilimbe mtima, n'kuyenda wapansi kuchokera kuno, dzuwa lili pamutu, ndikubwereza m'mutu mawu onse amene ndikawatukwane nawo. Ndinawapeza atakhala pakatoni pafupi ndi pokwerera mabasi a kum'mawa, beseni patsogolo, ataonda, mpango utafwifwa. Onyamula katundu akukuwa, mabasi akufuka utsi. Ndinaima patsogolo pawo n'kuyamba.

"Ndimwe munanionongela umoyo! Munaona, munankhala zii dala kuti nigwe!"

Anthu anayamba kuunjikana. Bana Chanda anandiyang'ana kuyambira kumapazi, opanda nsapato, mpaka kumutu. Anavundikira beseni lawo ndi nsalu, pang'onopang'ono, n'kundikokera kuseri kwa khoma kuti anthu asationerere. Ndinkayembekezera kuti akana. Sanakane.

"Ee, ninaona," anatero. "Ninaona pamene tinali kuyala. Ninaimilila kuti nikambe. Munanilangana na maso yaja, nakumbukila vamene munanichita pa makola. Mumtima ninakamba kuti mulekeni adziwe. Nankhala pansi."

"Mwavomela!" ndinatero.

"Navomela. Manje onani kwamene kwanifikitsa." Analoza beseni lija. "Chanda analeka sukulu. Ba Tembo anabwelela kumunzi, maso yanafa, alibe kanthu. Amake Lavu mwamuna anamuthawa. Ine siniona tulo, amake Dalitso. Nikagona niona ija nsalu, na ine ninkhala pansi. Sembe ninakuwa chabe, olo munichotse nchito, anzanga sembe akali kusebenza. Imwe munatseka matu, ine natseka pakamwa. Ija nsalu tinaidula tonse babili."

Abale, ndinapita kukamenyana ndi mdani, ndinakapeza munthu akusenza mlandu wanga. Zaka ziwiri ndinali kulira za ine ndekha, mpando wanga, ulemu wanga. Sindinafunsepo ngakhale kamodzi kuti anthu khumi ndi asanu aja akudya chiyani. Koma mayi uyu, amene ndinamunyoza pamaso pa anzake, ankasowa tulo chifukwa cha mphindi imodzi imene anakhala chete. Mowa unandithera m'mutu pomwepo. Ndinakhala pansi pafumbi, pambali pa ngalande yonunkha, ndipo ndinalira ngati pamaliro.

Sanandisisite pamsana. Anandisiya ndilire, n'kupita kukagulitsa mazira kwa anthu a basi ina imene inali kunyamuka. Atabwerako ndinati, "Nikhululukileni, mayo."

"Awe, osati lelo," anatero. "Lelo mwakolewa. Vamene mukamba lelo ni va mowa."

Ndinabweranso m'mawa mwake ndisanamwe. Anandipatsa chitumbuwa chimodzi, n'kundiuza kuti iwo ndi anzathu anayi a kufakitale anapeza makina awiri akale, ndipo masana amasoka pakhonde la nyumba ya amake Lavu kuno ku Kabwata. Ankasoka mayunifomu a antchito a m'nyumba za olemera ku Kabulonga ndi Woodlands. Ndinapempha kuti anditenge, ngakhale kosesa. Anati, "Si vanga neka. Kuja kulibe supavaiza. Muzapempha kuli bonse."

Sindinaonepo bwalo lovuta ngati khonde lija. Azimayi asanu atakhala pamphasa, ine nditaima padzuwa. Aliyense ananena zimene ndinamuchita, ndipo zina ndinali nditaziiwala. Wina anandikumbutsa kuti ndinamukaniza kupita kuchipatala ndi mwana wodwala. Pakamwa panga panali kuyabwa kuti ndidziteteze, kuti ndinene kuti a Nyirenda ndiwo ankandipanikiza. Ndinaluma lilime. Amake Lavu anakana poyera. Anati, "Uyu munthu akangena pano, mu mwezi umodzi azatenga makiyi. Ine sinimufuna." Anayi anavomera, iye yekha anakana, ndipo khonde linali lake. Pomaliza anati, "Angene. Koma sizasi asagwile."

Anandiika kosita. Miyezi isanu ndi umodzi ndinali kupemerera makala m'simbi, ndikuona anzanga akudula nsalu mochedwa, mokhota, ine ndikudziwa kuti ndingathe kudula bwino katatu kuposa iwo. Sindikubisirani, zinkandipsetsa mtima. Ndinkafika kunyumba mano ali gwa. Mwezi wachitatu ndinagwa, ndinamwa masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinapita ndekha kukawauza iwo asanamve kwa ena. Amake Lavu anati, "Si ninakamba?" Koma bana Chanda anakonza zoti m'mawa uliwonse mmodzi wa iwo azidzera kunyumba kwanga, tizipitira limodzi kuntchito, ndipo madzulo wina azindiperekeza mpaka pakhomo, kuti njira yanga isadzere kumowa. Anasinthana choncho pafupifupi chaka chathunthu, azimayi amene ine ndinawakaniza ngakhale kukagula sopo. Amene muli pankhondo ya mowa, mverani apa. Ine sindinaleke chifukwa cholimba mtima. Ndinaleka chifukwa panalibe ola limene ndinali ndekha panjira.

Ndili kosita kuja ndinayamba kuona zimene sindinazione ndili ndi makiyi. Azimayi aja aliyense payekha sanali katswiri. Koma zolakwa zawo sizinkapita patali, chifukwa wina akangoona chokhota ankati "imani," ndipo onse ankaima, osakwiya. Nsalu sinkadulidwa mpaka anthu awiri ena aione mmene yayalidwira. Aliyense anaphunzira ntchito ya mnzake, kotero kuti wina akapita kumaliro kapena pamzere wa ufa, makina ake sankagona. Pakalakwika sankafunsa kuti walakwa ndani, ankafunsa kuti cholakwacho chalowera pati, n'kutseka pamenepo. Ndipo diresi likakondweretsa mayi wa ku Kabulonga, wokapereka ankabwera kudzanena mawu onse oyamikira pamaso pa onse, chifukwa onse analigwira.

Tsiku limene anandibwezera sizasi, ndinayala nsalu, ndinajambula, ndipo ndisanadule ndinaitana amake Lavu kuti aone. Anayang'ana n'kunena kuti thumba ndaliika pansi kwambiri. Mawu akale aja anafika pammero penipeni, akuti iwe ungandiuze chiyani ine. Ndinayeza ndi tepi. Thumba linalidi pansi. Ndinati, "Zikomo, mwanithandiza." Mawu awiriwo anandilemera kuposa thumba la chimanga, ndipo mpaka lero sanapepuke kwenikweni. Khalidwe lija silinafe, ndimangolimanga m'mawa uliwonse.

Lero tili ndi malo athu pamsika, makina asanu ndi awiri. Koma musaganize kuti zonse zinabwerera. Amuna anga anakwatira wina ku Chelstone. Ana awiri anabwerera kwa ine, koma Dalitso amandipatsa moni ngati mlendo. Ba Tembo ndinakonza zokawapepesa kumudzi, ndinazengereza, ndipo uthenga wa maliro awo unafika ine ndisanakwere basi. Mwa anthu khumi ndi asanu aja, alipo ena amene sindikudziwa kumene anathera.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ndikapita kukapereka mayunifomu m'maofesi ndi m'mafakitale a m'tauni muno, ndimakumana ndi ine wakale uja paliponse. Ndimaona kapitawo akukalipira munthu wamkulu ngati mwana, antchito ali zii, maso pansi, iye n'kumayenda monyada kuti amamuopa. Ndimafuna kumugwira paphewa n'kumuuza kuti mwana wa mayi, anthuwa akuona dzenje limene ukupitamo, ndipo asiya kukuuza. Akuluakulu anati ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Koma ndani angamvere telala wa pamsika?

Ndiye ndikuuzani inu, poti mwakhala pansi kundimvera. Ngati muli ndi anthu pansi panu, ngakhale awiri okha, Lolemba mupite kwa amene salankhulalankhula, mum'funse chimene waona chimene sanakuuzeni. Akayamba kulankhula mutseke pakamwa mpaka amalize, ngakhale zikuwawa. Ngati ndinu amene muli pansi, ndipo mukuona mkulu wanu akulakwitsa chinthu chimene chidzagwetsa nonse, nenani. Mwina akukalipirani, mwina akuchotsani. Koma kukhala chete kuti aone yekha kulibe phindu, chifukwa denga likagwa silisankha mutu. Ndipo ngati munagwa kale ngati ine, bwererani kwa anthu amene munawalakwira, musanamwe, mukaime padzuwa, muwalole anene zonse.

Sikuti onse adzakukhululukirani. Ine ndi amake Lavu tagwira ntchito tebulo limodzi zaka zisanu ndi zitatu tsopano, ndipo sananenepo kuti zinatha. Kunyumba kwanga sanalowemo. Koma palibe nsalu imene ndimadula iye asanaione, ndipo iyenso sadula ine ndisanaone. Dzulo nditamuuza kuti ndikubwera kudzalankhula kuno, anaika sizasi pansi n'kunena kuti, "Nizabwela. Ukakambe vonse, osasiyako. Ukanama olo pang'ono, nizaimilila pakati pa bantu."

Ali apo, benchi lakumbuyo, wavala mpango wofiira. Ndalankhula nthawi yonseyi diso langa lili pa iye. Amake Lavu, ndamaliza. Ngati pali chimene ndasiya, imirirani.

Mwaona, abale. Akali pansi. Ambuye akudalitseni.